Maso a Lachiwiri

1

Ndiyambe ndi kuvomera. Kwa miyezi itatu, Lachiwiri lililonse, ndinkapita kukaonana ndi mzimayi wina mkazi wanga osadziwa. Ndinamuyang'ana m'maso, masowo ndinawajambula, ndinawakongoletsa, kenako ndinawagulitsa. Ngati mwayamba kale kundiweruza, khalani pansi kaye, chifukwa mlandu wanga ndi wopusa kuposa mmene mukuganizira.

Ntchito yanga ndi yojambula maso. Osati nkhope, osati mphuno, maso okha basi. Pa intaneti pali maiko ongopeka kumene anthu akuluakulu ndithu, ena a ndevu zawo, amakhala ndi chidole chowaimira. Chidolecho chimayenda, chimavina, chimacheza ndi zidole za anthu ena, ndipo mwini wake amachigulira zovala, tsitsi, nsapato, ngakhale maso. Maso amene chimabwera nawo poyamba amakhala ngati mabatani a jekete. Munthu akatopa kuyang'anidwa ndi mabatani, amabwera kusitolo yanga ya pa intaneti.

Ndimagwirira ntchito m'kachipinda kamene kale tinkasungamo zikwama ndi njinga yakufa. Muli tebulo, kompyuta, ndi kabolodi kojambulira ndi cholembera chake chopanda inki. Pakhoma ponse ndinamata zithunzi za maso. Mkazi wanga amati akalowa m'menemo amamva ngati wafika mochedwa kutchalitchi.

Iyeyo ndi mphunzitsi wa masamu kusekondale. Ana asukulu amamutcha Madamu, ine ndinangotengera pomwepo. Iye amanditcha aChimaso, ndipo akakwiya amawonjezera "bambo" kutsogolo kwake.

"AChimaso, anzanu amajambula mapulani a nyumba," ankatero akubweretsa tiyi. "Inu tsiku lonse kulimbana ndi timitsempha ta m'diso la chidole."

"Timitsempha timeneto ndi timene tinagula ketuloyi, Madamu."

Ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Choyera cha diso sichikhala choyera mbee, chimakhala ndi kachikasu pang'ono ndi timizere tofiira cha m'kona. Maso awiri sakhala mapasa: waulesi amajambula limodzi n'kulitembenuza, ndipo chidole chimaoneka ngati chaona njoka. Koma lamulo lalikulu ndi la windo. Diso lamoyo limanyamula chipinda chimene lili. Mukayandikira munthu, muona kawindo kakang'ono kakuwala pambali pa mboni ya diso lake. Anzanga ambiri amangodontheza kadontho koyera n'kumati amaliza. Ine ndimakhazika munthu weniweni pafupi ndi windo, ndimamujambula ndi kamera, ndipo chilichonse chimene chaonekera m'kuwala kuja ndimachisiya mmene chilili. Ndinkanyadira kwambiri lamulo limeneli, ndipo ndi lomweli linatsala pang'ono kundithetsera banja.

Achibale athu apafupi ndi awiri okha. Pali apongozi anga, mayi ake a Madamu, telala wodziwika wosaseka ndi msoko wokhota. Amabwera kwathu Lamulungu lililonse masana atavala magalasi akuda, akuti dzuwa la masiku ano lalusa. Ndiye pali mlamu wanga wometa anthu, wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wosakwatira, amene chidole chake cha pa intaneti ndi mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno. Amati anachisankha choncho kuti aziphunzirirapo masitayilo a tsitsi. Tonse tinangovomera.

2

Bodza langa linali la netiweki. Ndinauza Madamu kuti Lachiwiri intaneti ya kunyumba imachedwa, ndiye ndizipita m'tauni kukatumiza ntchito.

"Netiweki imadziwa masiku a sabata?" anafunsa osadzutsa mutu pamapepala amene ankachonga.

"Imadziwa kwambiri."

"Chabwino. Mukaipatse moni."

Kumene ndinkapita kunali chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato. Masitepe ake ndi khumi ndi anayi. Chipindacho chili ndi windo lalikulu loyang'ana kum'mawa, ndi katani wa maluwa achikasu. M'menemo ndi mmene ndinkapeza mzimayi amene pakadali pano ndingomutchula kuti eni maso. Tinkatsika limodzi, ine patsogolo iwo atagwira phewa langa, n'kupita kwina kumene ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Lachiwiri lina titabwerako, iwo anakhala pampando pafupi ndi windo n'kunena kuti, "Mwabweretsa kamera ija?"

Ndinali nayo m'chikwama kwa masabata awiri, kulimba mtima ndi kumene kunkasowa. Kuti diso lituluke bwino, kamera imayenera kuyandikira mpaka kutsala pang'ono kugunda nsidze. Ndinawerama. Ndinamva fungo la sopo wawo.

"Musaphethire," ndinatero.

"Inunso musanjenjemere. Chinthu chanucho chikundigunda mphuno."

Ndinajambula zithunzi makumi awiri, thukuta lili kamukamu ngati ndanyamula matumba a simenti. Ndikulongedza kamera iwo anabwereza mawu amene ankandiuza sabata iliyonse.

"Mkazi wanu asamve. Akamva kuchokera pakamwa panu, ine ndi inu tathana."

Masowo ndinawajambula masabata atatu. Anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka ukamuyang'ana padzuwa, ndi timizere tagolide tochokera pamboni kupita kunja. Diso lamanzere linali ndi kadontho kakuda m'munsi mwake, kofanana ndi kanjere ka chitowe. Panali china chimene ndinachotsamo, chimene eni ake anandipempha kuti ndichotse. Windo lija ndinalisiya mmene linalili, malinga ndi lamulo langa.

Pangano lathu linali la chithunzi chimodzi, chosindikiza, choika m'felemu. Za sitolo sitinakambirane. Koma nditamaliza ndinati ndingoyesa pa chidole kuti ndione mmene akhalira. Chidolecho chitatsegula zikope, ndinapezeka ndakhala bwino pampando n'kukonza kolala. Pa zaka zisanu ndi ziwiri za ntchitoyi ndinali ndisanajambulepo maso otere, ndipo mtima unandiwawa kuti aziwaona anthu atatu okha.

Apa ndi pamene pali tchimo langa, ndipo sindiliphimba. Sinali njala, sinali ngozi. Kunali kufuna kutamidwa. Ndinati ndiwaike m'sitolo tsiku limodzi lokha, anzanga aone kuti ndilipo. Kompyuta inafunsa dzina la katunduyo. Munthu wanzeru akanalemba "Uchi" kapena "M'bandakucha". Ine ndinalemba "Lachiwiri".

Tsiku limodzi lija linasanduka mwezi. Anthu anawagula moti ndinasiya kuwerenga mauthenga oyamikira, ndipo ndikaganiza zowachotsa ndinkati ndichita mawa.

3

Ometa amapuma Lolemba, ndiye Lolemba lina masana mlamu wanga anatulukira foni ili m'manja, nkhope ili mwetumwetu. Madamu anali atangofika kumene, akuvula nsapato pampando.

"Alamu, apa ndiye mwaposa!" anatero. "Achemwali, mwaona zimene achita amuna anuwa? Ndagulira chidole changa maso atsopano. Kuyambira Lachisanu sindikumeta bwino, ndikungowayang'ana. Kasitomala wina ndamudula khutu."

Ndinayesa kumutsinzinira. Iye anaganiza kuti ndikumuyamikira, n'kunditsinzinira nayenso.

Madamu anatenga foniyo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi okongoladi," anatero pang'onopang'ono. "Dzina lake ndi chiyani?"

"Lachiwiri," mlamu anayankha monyadira ngati dzinalo anapereka ndi iye.

Mkazi wanga ndi munthu amene amapeza kadontho kosowa pa pepala la mwana wa nambala sikisite. Anaika zala ziwiri pafoni n'kuyamba kukuza chithunzi. Diso linadzaza galasi lonse. Anakuzanso mpaka kawindo kaja kanakula ngati bokosi la machesi. Mkati mwake munali katani wa maluwa. Patsogolo pa katani panali mwamuna atawerama, kamera ili kumaso, atavala shati ya mizeremizere.

"Shati iyi ndinagula ndine," anatero Madamu.

"Mashati otere ndi ambiri m'tauni," ndinayankha, ndipo mawu anga anatuluka ngati a nkhuku.

"Ya thumba lokhota chonchi? Limene ndinasoka ndekha amayi n'kundiseka?" Anakweza maso. "Bambo aChimaso, m'nyumba muno muli katani wa maluwa?"

Mlamu wanga anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya madzi akutuluka pampopi kushopu. Anapita osatenga ngakhale chipewa.

"Ndi ndani?"

"Ndi ntchito chabe, Madamu. Mukudziwa kuti ndimajambula anthu."

"Ndikudziwa. Munajambula wogulitsa nyuzipepala, munandiuza. Munajambula mlonda wa kusukulu kwathu, ndinamubweretsa ndine. Onsewo munawajambulira pawindo la kukhitchini ine ndikutsuka mbale. Uyu yekha ndiye wa m'chipinda cha maluwa, wa Lachiwiri, wa netiweki. Ndi ndani?"

"Sindinganene."

"Simunganene, kapena simukufuna?"

"Ndinalonjeza."

Anaseka kaseko kakafupi kopanda mano. "Inenso munandilonjeza, pamaso pa anthu, mutavala suti yobwereka. Kaya lonjezo la uyo ndi latsopano ndiye likadali lamphamvu."

Sanalire. Anatenga cholembera chake chofiira n'kupitiriza kuchonga, ndipo ndikukhulupirira kuti ana a kalasi imeneyo sanakhoze bwino sabata imeneyo.

4

Kutacha linali Lachiwiri. Ndinasamba, ndinavala, ndinakhala pabedi nsapato zili m'manja. Madamu anaima pakhomo la chipinda atanyamula chikwama chake cha kusukulu.

"Netiweki ya lero ili bwanji?"

"Madamu, lero lokha sindingalephere."

"Mukatuluka pakhomo ili, musadzanene kuti sindinakuuzeni."

Ndinayang'ana nsapato. Ndinayang'ana mkazi amene ndakhala naye zaka zisanu ndi zinayi, amene anandipirira nthawi imene maso anga ankaoneka ngati mazira okazinga ndipo palibe ankagula. Ndinkamukonda tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wathu. Koma kunali munthu akundidikira pamwamba pa masitepe khumi ndi anayi, amene sakanatha kuwoloka msewu waukulu yekha. Ndinavala nsapato.

Nditafika ndinagwada, ine munthu wamkulu, pakati pa tizidutswa ta nsalu.

"Ndimasuleni," ndinapempha. "Banja langa likutha. Mkazi wanga waona chithunzi chija."

"Wachiona bwanji? Si munati muchibisa mpaka tsiku lake?"

Apa ndi pamene ndikanaulula za sitolo. Koma sindinatero.

"Anangochipeza pa kompyuta," ndinanama.

"Ndiye wati ndi maso a ndani?"

"Akuti a chibwenzi changa."

Mapewa a eni maso anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Chibwenzi! Koma ndiye mwajambula bwino, bambo." Atapuma anati, "Kwatsala masabata awiri okha. Limbani mtima. Mkazi sachoka chifukwa cha chithunzi."

Sankamudziwa bwino Madamu, kapena ankamudziwa koma anaiwala kumene anatengera khalidwe. Lachitatu anasiya kundibweretsera tiyi. Lachinayi analowa m'kachipinda kanga n'kutembenuza zithunzi zonse za maso kuti ziyang'ane kukhoma. Lachisanu anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, n'kuipukuta fumbi pamaso panga mosafulumira.

"Lamulungu amayi akabwera ndiwauza zonse, mchimwene wanga ali pomwepo," anatero. "Mukatchula dzina, tikambirana. Mukapanda kutchula, ndinyamuka nawo limodzi. Ndikakhala kwa amayi."

Mulungu andikhululukire, ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinadziluma lilime mpaka kumva magazi, chifukwa sutikesi ija inali yeniyeni ndipo anali ataikamo kale masatifiketi ake.

5

Lamulungu tinadya mwakachetechete, mafoloko okha akulankhula. Apongozi anakhala pamalo pawo pa masiku onse, kumbuyo kuli windo, magalasi akuda ali kumaso. Mlamu wanga ankatafuna ngati akuopa kudzutsa mwana. Sutikesi inali itaima pafupi ndi chitseko ngati mlendo wachisanu.

Mbale zitachotsedwa, Madamu anabweretsa kompyuta yanga n'kuiika patebulo.

"Amayi, ndili ndi nkhani. Akamwini anuwa ali ndi mkazi wina."

"Ee?" anatero apongozi, osadabwa mokwanira.

"Umboni ndi uwu. Taonani."

Maso aja anadzaza galasi lonse. Apongozi anatembenukira kumene kunali kompyuta, koma anayang'ana pambali pang'ono, cha kumene kunali botolo la madzi.

"Zinthu zowalawalazi zimandipweteka mutu," anatero. "Tandiuza iwe. Ndi otani?"

"Ndi maso a mkazi wopanda manyazi, amayi. Ongoona n'kudziwiratu. Ayang'ana mwamuna wa mwini dwii, osaphethira n'komwe."

"Anauzidwa kuti asaphethire," ndinalankhula mosaganiza.

"Inu khalani chete. Mwapatsidwa sabata yonse kuti mulankhule."

"Ndi wamng'ono?" anafunsa apongozi.

"Kamtsikana. Mwina zaka makumi awiri ndi zisanu. Wochenjera, wodzimva, wozolowera kuti akanena chinthu anthu azithamanga."

"Zoona zimenezo," anatero mlamu wanga asanadzigwire. "Koma achemwali, tisanamizane, maso amenewa ndi okoma, ine ndakhala ndikuwayang'ana tsiku ndi tsiku. Ine ndikanakumana naye mwini wakeyo, mawa lomwe ndikanakwatira."

Apongozi anatsokomola. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Pitiriza," anauza mwana wawo. "Mtundu wake?"

"Ofiirira. Ali ndi timizere ngati tagolide. Lamanzereli lili ndi kadontho kakuda pansi pake." Madamu anayandikira kompyuta. "Sindikudziwa chifukwa chake, amayi, koma akandiyang'ana ndimamva ngati ndalakwa ndine. Sabata yonse ndakhala ndikuwatsegula aChimaso akachoka. Ndimadana nawo, koma ndimalephera kuwatseka."

"Ndi okongola?"

"Vuto lake ndi limenelo."

Apongozi anagwedeza mutu ngati telala amene kasitomala wavomera kuti diresi lamukwana. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, anaimirira, n'kutembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kuwindo.

"Bwera kuno, mwanawe. Yandikira. Yandikiranso, sindiluma."

Anavula magalasi aja.

6

Sindidzaiwala mmene msana wa mkazi wanga unaumira. Anawerama pamaso pa mayi ake monga ndinawerama ine tsiku lija. Kadontho kanali pomwepo, m'munsi mwa diso lamanzere. Timizere tagolide tinalipo. Koma pamboni, m'maso onse awiri, panali chimene ndinachotsa pojambula: nkhungu yotuwa ngati galasi la bafa munthu akangosamba.

"Amayi," anatero Madamu. Anabwerezanso, "Amayi."

"Ndi ng'ala. Adokotala akuti ichotsedwa, diso limodzi kaye, linalo pambuyo. Kamtsikana kopanda manyazi kaja ndine."

Mlamu wanga anatulutsa foni m'thumba, anaiyang'ana, n'kuiika patebulo chafufumimba. Kenako anaikankhira kutali ndi chala chimodzi.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinakubisirani. Lamulungu lina, miyezi itatu m'mbuyomo, batani la shati yanga linathothoka ndipo apongozi anati alisoke pomwepo. Madamu anali kukhitchini. Ndinaona ulusi ukudutsa pambali pa singano katatu, m'manja mwa munthu amene wasoka zaka makumi anayi. Ndinasuzumira m'mbali mwa magalasi. Mkamwini sayang'anitsitsa apongozi ake m'maso, koma ntchito inandiwononga khalidwe. Iwo anandigwira ndikuyang'ana, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wowaperekeza kuchipatala cha maso Lachiwiri lililonse. Chipinda cha katani wa maluwa ndi shopu yawo yatsopano. Anasamukirako chifukwa cha windo lalikulu lija, kuti aziona msoko. Zonsezi apongozi anazifotokozera mwana wawo pomwepo.

"Munasamuka?" Madamu anafunsa, misozi ili chuchuchu. "Liti?"

"Miyezi inayi yapitayo. Ndinakuuza. Unati udzabwera mayeso akatha."

"Nanga bwanji osandiuza za maso? Ine mwana wanu! Mpaka kuuza munthu wojambula zidole?"

Zinandipweteka, koma sinali nthawi yodandaula.

"Chifukwa ndimakudziwa," anatero apongozi modekha. "Bambo ako atayamba kudwala miyendo unawalanda njinga n'kuwakhazika pampando pakhonde. Unachita mwachikondi, sindikukana. Koma anatha chaka chathunthu akungoyang'ana msewu. Ine ukanamva, tsiku lomwelo makina anga osokera akanakhala atakwera galimoto. Ndinati ndichitidwe kaye opaleshoni, ndidzakuuze ndikuona."

"Nanga chithunzichi?"

Apongozi anapinda magalasi awo n'kuwatambasulanso.

"Ndinkaopa," anatero. "Adokotala akuti ndi ntchito yaing'ono, koma mpeni ndi mpeni. Ndinati zikavuta, mwana wanga akhale ndi maso anga mmene analili ndikumuyamwitsa, osati nkhunguzi. Inali mphatso yako."

Madamu anagwada n'kuika mutu pamiyendo ya mayi ake. Analira ngati mwana wa sitandade wani. "Ndawayang'ana sabata yonse," ankatero. "Sabata yonse, amayi, osawadziwa."

"Unali wotanganidwa kuyang'ana shati."

Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Ndinayamba ngakhale kupuma bwino. Koma apongozi anatembenuzira nkhope kumene kunali mwana wawo wamwamuna.

"Iwe, unati chiyani paja? Unawaona kuti maso angawa?"

"Ndi... ndinagula, amayi."

"Unagula. Kuti?"

Mlamu wanga, munthu amene ndakhala ndikumupatsa maso aulere pa tsiku lake lobadwa, anandiloza ndi chibwano.

"Bambo," anatero apongozi, ndipo mawu awo anali ofewa moopsa. "Mwandigulitsa?"

Ndinaulula zonse nditaimirira, manja kumbuyo. Ndinanena za tsiku limodzi limene linakhala mwezi, za dzina, za bodza limene ndinawauza nditagwada m'shopu mwawo. Sindinadziikire kumbuyo chifukwa panalibe poyambira.

"Ndiye pali anthu angati akuyenda ndi maso anga?"

"Ambiri ndithu, amayi."

"Amapita nawo kuti?"

"Kumagule, amayi. Ena kunyanja. Wina ali ndi mapiko."

Madamu anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ndi maso ofiira, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wa chibwenzi watha koma wayamba wina.

"Ine ndinakukhulupirirani ndi chinthu chimene ndinabisira mwana wanga," anatero apongozi. "Chinsinsi munasunga mpaka sutikesi kufika pakhomo, chimenecho sindidzaiwala. Koma mphatso ya mwini simupita nayo kumsika, ngakhale itakongola bwanji. Muwachotse lero, ine ndili pompano."

Ndinawachotsa iwo atakhala pambali panga, Madamu akuwawerengera mokweza chilichonse chimene ndinkadina. Amene anagula kale sindikanatha kuwalanda. Nditawafotokozera zimenezo anapumira m'mwamba.

"Basi, azivina nawo. Ine sindinavinepo mokwanira." Kenako analoza kumene kunali mlamu wanga. "Koma uyu achotse lero lomwe. Ndipo apeze mkazi wa miyendo."

7

Sutikesi sinabwerere pamwamba pa kabati tsiku lomwelo. Inakhala pakhomo masiku asanu ndi anayi, ndipo Madamu ankati ikumuthandiza kuganiza. Tiyi anayambiranso kubwera, koma wopanda shuga.

Lachiwiri la opaleshoni anapempha tchuthi kusukulu, koyamba pa zaka zisanu. Ine anandilola kunyamula zikwama. Mawa lake namwino akumasula bandeji, Madamu anali atawerama pafupi kwambiri moti anachita kuuzidwa kuti apatse mpata. Apongozi anaphethira kangapo. Diso lamanzere, la kadontho lija, linayendayenda n'kuima pankhope ya mwana wawo.

"Iwe," anatero, "imvi izi zayamba liti?"

"Muwafunse akamwini anu," anayankha Madamu, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Makina osokera sanakwere galimoto. Anakangana masiku atatu, ndipo anagwirizana kuti Madamu azipita kushopu Loweruka lililonse kukalowetsa ulusi m'masingano a sabata yonse. Masiku ano apongozi amalowetsa okha bwinobwino, koma sanamuuze, ndipo ine ndaphunzira kusankha zinsinsi zoyenera kusunga.

Chithunzi chija sindinachisindikize mmene chinalili. Madamu anati sakufuna kuona mwamuna wa shati ya mizeremizere m'maso mwa mayi ake moyo wake wonse. Diso lachiwiri litapola tinakwera masitepe khumi ndi anayi aja tonse atatu. Ndinakonza kamera, ndinamuonetsa podina, n'kuima kutali kuseri kwa chitseko. Anawerama yekha pamaso pa mayi ake.

"Musaphethire, amayi."

"Nawenso ukunjenjemera ngati mwamuna wako."

Panalibe chochotsamo ulendo uno. Chithunzicho chili pabalaza pathu, m'felemu yakuda. Alendo amati ndi maso okongola n'kupitiriza kumwa tiyi. Koma mukayandikira, pambali pa mboni pali kawindo, ndi katani wa maluwa, ndi mkazi wa imvi ziwiri zitatu atawerama.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikuuzani kuti musamaname, chifukwa zimenezo mumazidziwa kale ndipo ine si woyenera kuziphunzitsa. Ndingokufunsani funso limene ndimafunsa aliyense masiku ano, mpaka anthu ayamba kundithawa m'basi. Maso a mayi anu ndi amtundu wanji? Musayankhe msanga kuti akuda. Madamu akanayankha choncho, ndipo iye sakonda kulakwitsa. Ife timayang'ana nkhope za anthu athu tsiku ndi tsiku ngati mmene timayang'anira wotchi, kungofuna kudziwa ngati zinthu zili bwino, n'kuthamangira kwina. Ine ndinayang'ana chifukwa ndi ntchito yanga, ndipo nditaona ndinathamangira kumsika. Iye sanayang'ane chifukwa ankaganiza kuti amawadziwa kale.

Ngati alipo, pitani masana dzuwa likadalipo. Akhazikeni pafupi ndi windo. Adzakufunsani ngati mwapenga, inu muwauze kuti asaphethire. Mukayandikira mokwanira mudzapeza kuti muli m'menemo, ndipo mwakhalamo kuyambira kale.